Mbewa Imene Nang'omba Sanameze

Nang'omba uja anabweranso Lachiwiri, dzuwa litangotuluka. Cosmas anamumva ali m'chipinda akumanga zingwe za nsapato. Kunayamba kuguguda kwakuya kuja, ngati ng'oma yoombedwa m'kati mwa mtsuko, kenako mlomo pa galasi. Go. Go. Go.

"Wabwera mlendo wako," anatero amayi ake, a Eliness, ali kukhitchini. "Kamulandire."

Cosmas sanatuluke. Anangoima pakati pa balaza, n'kumayang'ana chimbalame chakuda chija, chachikulu ngati nkhukundembo, chofiira pakhosi, chikumenyana ndi chithunzi chake chomwe. Mwa mawindo asanu ndi limodzi a nyumbayo, anayi anali atatsekedwa kale ndi makatoni.

Nyumbayo anaimanga ndi malemu bambo ake, a Elson, zaka zisanu ndi ziwiri akulima mbatatesi m'mapiri a ku Champiti, ndipo anamwalira isanaikidwe magalasi. Ali gone m'chipatala ankangonena za magalasi akuda onyezimira amene anawaona ku Balaka, aja oti wa kunja amangodziona yekha pomwe wa m'kati akuona zonse. Cosmas anali chaka chachiwiri ku koleji ya zachilengedwe ku Lilongwe. Anabwera kudzaika maliro ndipo sanabwererenso. Atakolola, chinthu choyamba kugula chinali magalasi aja.

Choncho mbalame itayamba kuwaswa, iye sanali ngati anthu ena a m'mudzimo amene ankati ndi malodza. Ankadziwa kuti nang'omba wamwamuna akadziona pa galasi amayesa ndi mnzake wodzamulanda dera. Ankadziwanso mankhwala ake: kumata matope pa galasi mpaka nyengo yoswana itatha. Koma matope pa magalasi a bambo ake? Galasi lachitatu litasweka, anatcha mbewa, naithira mankhwala a makoswe m'mimba, n'kuiika pansi pa windo.

Nang'omba anaitola, koma sanaimeze. Anaikanikiza kumlomo n'kuyamba kuyenda nayo monyada, kulowera kumtsinje. Pamenepo ndi pamene Cosmas anakumbukira zimene analemba yekha m'kope la ku koleji: nthawi ya mvula wamwamuna sadya zabwino yekha, amapititsira mkazi wake amene amakhala akufungatira m'mphako. Anathamanga akuponya miyala, koma mbalameyo inatambasula mapiko oyera kunsonga n'kuwoloka dambo.

Tsopano panali patatha milungu itatu. Wamwamunayo anali moyo, ndipo ankabwerabe.

Foni inanjenjemera m'thumba. Anali Tisunge.

"Tikumane pa Nsipe 10 koloko. Ndili ndi nkhani. Uvale shati ya buluu ija, yakudayo ndatopa nayo."

*

Tisunge anali atakhala pa benchi ya mayi wogulitsa chimanga chootcha, chipewa chake cha dzuwa chili pa bondo. Ankagwira ntchito ku kabungwe koteteza mbalame zimene zikutha, ndipo gawo lake linali anang'omba: kuwawerenga, kukwera makwerero kukasuzumira m'zisa, ndi kuyenda m'midzi kupempha anthu kuti asadule mitengo ya mphako. Kuchokera ku Champiti kukafika ku Sharpevale kunatsala mabanja atatu okha. Iye ndi Cosmas anadziwana chaka chapitacho pa msika womwewo, atakangana za dzina la kambalame kena kamene kanatera pa thumba la kabichi. Anapambana Cosmas, ndipo Tisunge sanamukhululukire mpaka anamupatsa nambala.

"Mwachedwa, a bwana," anatero akumusunthira malo.

"Wa kabaza amapemphera pa chikweza chilichonse."

"Bodza. Umadzola mafuta." Anathyola chimanga pakati namupatsa mbali yaikulu. "Tamvera. Ku ntchito akufuna munthu woyang'anira zisa za ku Champiti. Malipiro pamwezi, njinga, ndipo akagwira bwino chaka chimodzi amubwezera ku koleji. Ndapereka dzina lako. Mafunso ndi Lachisanu ku Sharpevale."

Cosmas anasiya kutafuna.

"Sukusekerera?" anafunsa Tisunge. "Amalume anga a Kingston anati sangalandire ankhoswe a munthu amene ntchito yake n'kudikira mvula. Tsopano anenanso chiyani?"

"Anthu odziwa alipo ambiri, Tisu."

"Wodziwa ngati iwe ndani? Usandichititse manyazi." Anazunguza chitsononkho m'manja. "Komanso zotsatira za imfa ya Amvano zabwera kuchokera ku Lilongwe."

Amvano linali dzina limene Tisunge anapatsa nang'omba wamkazi wa mu mkuyu wa kumtsinje, chifukwa cha zakuda ndi zoyera zake, ndi kayendedwe kake kaulemu. Anamuyang'anira zaka zinayi.

"Ndi mankhwala a makoswe," anatero. "Munthu anachita kumuthirira. Ukudziwa, Cosmas, nditakwera ndinayesa akugona. Mwana anali pansi pake, wa masiku asanu, wozizira. Mbalame zimenezi zimalera mwana mmodzi, mwina pakatha zaka zisanu ndi chimodzi. Zaka zinayi ndikudikira kamwana kameneko." Anapukuta m'maso ndi chipewa. "Sindikufuna n'komwe kuti munthuyo amangidwe. Ndikungofuna ndimuone nkhope."

Nkhopeyo inali pompo, itanyowa thukuta. Cosmas anatsegula pakamwa.

"Tisu, pali chinthu..."

Njinga yamoto inaima patsogolo pawo ndi fumbi lake. Wokwerayo anavula chisoti pang'onopang'ono, ngati munthu amene akudziwa kuti atsikana a pa msika akumuyang'ana. Anali Maynard, mnzake wa Tisunge ku ntchito, amene anamufunsirapo kawiri n'kukanidwa kawiri, koma ankati kachitatu ndi kamwayi.

"Achimwene a digiri ya theka," anatero akupereka dzanja. "Ndamva mukufuna kutipeza ku ntchito."

"Ndamva choncho inenso."

"Mwabwera nthawi yabwino, mutithandiza kugwira chigawenga. Ine nzeru ndaipeza. Munthu sathirira nang'omba popanda chifukwa. Kumene akuswa magalasi ndi kumene kuli wakupha. Ndiyenda nyumba ndi nyumba, tchalitchi ndi tchalitchi." Anamwetulira. "Kwanu kuli magalasi, eti? Ndinamva kuti munaika a mabwana."

"Alipo."

"Onse abwinobwino?"

"Iwe Maynard, ulibe manyazi?" anatero Tisunge. "Munthu amene anandiphunzitsa kusiyanitsa kulira kwa wamkazi ndi kwa wamwamuna?"

"Ndangofunsa, Tisu. Kufunsa si kumanga."

Onse awiri anayang'ana Cosmas, wina ndi maso a mlenje, wina ndi maso a munthu amene akudziwa kale yankho ndipo akulinyadira.

"Abwinobwino," anatero Cosmas.

Mawuwo anatuluka mosavuta, ndipo kusavutako ndi kumene kunamuopsa.

*

Madzulo ake anapeza amayi ake akubandira chimanga kuseri kwa nyumba. Anatenga khasu lina n'kulowa mzere woyandikana nawo. Atagwira mizere iwiri, Cosmas analankhula.

"Amayi, ndaitanidwa ku mafunso a ntchito. Kwa a Tisunge."

"Ya mbalame?"

"Eya."

A Eliness anaweramuka, nagwira m'chiuno. "Mtsikana wokwera mitengo atavala thalauzi ine sindimufuna, ndinakuuza kale. Adzakusiya ndi ana pakhomo iye ali m'nthambi. Koma ntchitoyo uitenge."

"Sindingaitenge ndisanamuuze chinthu china."

"Cha mbewa ija?"

Khasu la Cosmas linaima m'mwamba.

"Unkayesa ndili ku chigayo," anatero mayiwo. "Ndinabwerera, ndinaiwala chitenje chomangira thumba. Ndinakuona ukuisoka pamimba ndi ulusi wanga wakuda."

"Bwanji simunandiletse?"

"Inenso inkandinyansa. Kuguguda pa nyumba ya maliro m'mawa uliwonse, ngati ikuitana wina." Anayambanso kulima. "Ndalira mwamuna, Cosmas. Sindikufuna kumanyamula kontena ya chakudya kupita nayo ku ndende chifukwa cha mbalame."

"Akundikhulupirira, amayi. Wandiikira kumbuyo pamaso pa anthu."

"Ndiye ukamuuza umuthandiza chiyani? Akakubisa, walakwira ntchito yake. Akakuulula, walakwira mtima wake. Iwe upepukidwa, katundu asenza ndi iye. Chilungamo chakocho n'chodzikonda."

Cosmas anasiya khasu, natenga ndowa, napita pa chithaphwi cha pansi pa nthochi. Anabwera ndi matope ofiira n'kuyamba kumata mawindo awiri otsala aja ndi manja. Galasi loyamba linamuonetsa nkhope yake, kenako theka la nkhope, kenako palibe. Sizinatenge n'komwe mphindi khumi. Mphindi khumi zimenezo ndi zimene anazikana milungu itatu yapitayo.

Atatembenuka anapeza amayi ake ataima pa ngodya ya nyumba, khasu lili m'manja.

"Akanaona a Ngozo," anatero motsitsa, kutchula malemuwo ndi mfunda wawo. Sanamalize. Analowa m'nyumba imene tsopano inali ya mdima masana.

*

Lachitatu Cosmas analemba uthenga: "Tisu, amene ukufuna kumuona nkhope ndi ine." Anauyang'ana mpaka foni inazima yokha. Anaufufuta.

Lachinayi Tisunge ndiye analemba. "Wakonzeka? Amalume ndawanong'oneza pang'ono. Akuti tione kaye kalata, osati mphekesera."

"Ndakonzeka."

"Ukuyankha ngati munthu wodwala mano. Maynard anakukhumudwitsa?"

"Ayi."

"Usamutengere. Ndi nsanje basi. Dzulo anandigulira yogati, ndinapatsa mlonda."

Cosmas anatumiza kankhope koseka.

*

Mafunso anachitikira m'kachipinda ka lendi kuseri kwa sitolo ya mbewu pa Sharpevale. Kutsogolo kunali mipando itatu. Pa umodzi panakhala mayi Sellina, mkulu wa bungwelo wochokera ku Lilongwe, pa wina bambo wolemba. Wachitatu, wa Maynard, unali wopanda munthu. Tisunge sanaloledwe kulowa, popeza aliyense ankadziwa za iye ndi Cosmas.

"Tiyerekeze," anatero mayi Sellina, "munthu wabwera kwa inu atakwiya. Akuti nang'omba wamuswera magalasi. Mumuuza chiyani?"

"Kuti mbalameyo siikudana naye. Ikudziona yokha. Amate matope kapena laimu pa galasi mpaka mwezi wa Malichi, isiya."

"Zimenezo aliyense amene wawerenga kapepala kathu akhoza kunena. Ine funso langa ndi ili: mankhwala ake ndi aulere, nanga bwanji anthu satero?"

Cosmas anayang'ana manja ake. M'zikhadabo munali mutatsalira dothi lofiira.

"Chifukwa galasi kumudzi si galasi chabe, mayi. Munthu amakhala wadikira zaka kuti anthu odutsa aone kuti naye wafikapo. Mwina amene analilakalaka anapita osaliona. Ndiye mukamuuza kuti alipake matope, iye amamva ngati mukuti abwerere kumene anachokera. Musayambe n'kumuuza za mbalame. Yambani mwamufunsa kuti nyumbayo anamanga ndani."

Wolemba uja anasiya kulemba. Mayi Sellina anavula magalasi awo a m'maso.

"Ndafunsa anthu asanu ndi anayi lero," anatero. "Ndinu woyamba kunena za munthu. Munaziphunzira kuti zimenezi?"

"Kwathu," anayankha Cosmas.

Anatuluka akudziwa kuti wapambana, ndipo anayenda mtunda wautali wapansi asanaimitse galimoto. Atafika kunyumba amayi ake sanamufunse kuti zayenda bwanji. Anangomuikira madzi osamba, n'kunena kuti mutu ukuwapweteka.

*

Loweruka masana Tisunge anaimba. "Bwera pa mkuyu. Usawauze amayi ako."

Anamupeza atakhala pa muzu wa mtengowo, njinga yamoto ya ku ntchito itatsamira pa chulu. Pamwamba pawo panali mphako ija, yakuda, ntchentche zikulowa ndi kutuluka. M'manja mwake munali envelopu.

"Yako," anatero. "Uyamba ntchito pa 1 mwezi wa mawa."

Cosmas sanailandire. Tisunge anaiika yekha pa bondo la Cosmas, n'kumugwira dzanja.

"Pali zina. Ndikufuna uzimve kwa ine. Dzulo, iwe uli ku mafunso, Maynard anafika kwanu. Anaona makatoni, anaona matope. Anayamba kufunsa za iwe, kuti unali kuti tsiku lakuti, unagula chiyani pa Nsipe. Amayi ako anamudula. Anati asavutike, mbewa imene inapha Amvano anathira mankhwala ndi iwo, iwe uli kumunda."

Mtsinje unkamveka pansi pa bango. Cosmas anamva ngati madziwo akudutsa m'mutu mwake.

"Ndinapita ndekha m'mawa uno kukawafunsanso, uli kudimba," anapitiriza Tisunge. "Anabwereza zomwezo, akundiyang'ana m'maso. Lipoti talemba, ine ndi Maynard tasaina, ndipo wapita nalo ku boma. A zanyama zakuthengo abwera Lolemba kudzawatenga kuti akafotokoze. Ndinapempha kuti aganizire ukalamba wawo ndi umasiye, koma sindingalonjeze." Anafinya dzanja lake. "Pepa, Cosmas. Tsopano ndamvetsa chimene unanamira pa Nsipe. Milungu yonseyi wakhala ukusenza zimenezi wekha, uku mayi, uku ine. Ndikanakhala ine ndikananamanso. Sindikukusungira kanthu."

Akanamutukwana zikanakhala bwino. Akanamumenya ndi chipewa chija, akanaimirira n'kuchoka. Koma anali pompo, akumusisita chala chachikulu, akumukhululukira tchimo la munthu wabwino limene iye sanachite. Ndipo njira inali yotseguka. Akanangogwedeza mutu, kalata inali yake, koleji inali yake, Tisunge anali wake. Amayi ake anali atalipira kale zonsezo popanda kumufunsa.

Anachotsa dzanja lake.

"Amayi amaopa mbewa, Tisu. Ngakhale yootcha sakhudza."

Tisunge anamuyang'ana osamvetsa.

"Ndinaitcha ndine. Ndinathira mankhwala ndine, ndinaisoka ndine. Ndinkafuna wamwamuna uja, amene amaswa magalasi a bambo. Sanaimeze. Anabwera nayo kuno." Analoza mphako ija osayang'anako. "Ndinkadziwa za matope. Ndinkadziwa kuti amapititsa chakudya ku chisa, zili m'kope langa. Ndinakumbukira ataitola kale."

Tisunge sanalire. Anangoyang'ana nyerere imene inakwera pa envelopu, n'kuyenda m'mphepete mwake, n'kutsika.

"Tsiku lija ndinakuimbira ndili pamwamba pa makwerero," anatero potsiriza. "Unati chiyani?"

"Ndinati pepa."

"Unati, 'Anthu ndi oipa, Tisu.'" Anaseka pang'ono, kuseka kopanda mano. "Ndipo pa Nsipe ndinakugawira chimanga."

"Ndinkafuna kukuuza. Maynard anafika."

"Maynard anakhala mphindi zisanu. Milungu itatu inayo analipo?"

Anaimirira n'kusasa thalauzi lake. Atalankhulanso, mawu ake anali aulemu, ngati a munthu wolankhula ndi mlendo pa ofesi.

"A Cosmas, mukudziwa chimene mwandichita? Dzina langa lili pansi pa bodza. Ndasainira kuti mayi wamasiye atengedwe pa mlandu wa mwana wawo, amene ine ndemwe ndinamubweretsa ku ntchito. Ndikakhala chete, Lolemba akwera galimoto ndi mayi anu. Ndikalankhula, Maynard anena kuti ndinkadziwa kuyambira pachiyambi, kuti ndinkabisa chibwenzi changa. Ndani amutsutse?"

"Ndipita ndekha. Ndikanena kuti sumadziwa."

"Simumadziwa," anamukonza Tisunge.

Liwulo linamulasa kuposa zonse zimene zinanenedwa pansi pa mtengowo.

"Simumadziwa," anabwereza Cosmas.

Tisunge anavala chisoti, koma zala zake zinkalephera kumanga lamba wa pachibwano. Cosmas anatambasula dzanja mwachizolowezi. Iye anabwerera m'mbuyo phazi limodzi n'kumanga yekha.

"Pali chinanso," anatero atakwera njinga. "Kalatayo nditailandira m'mawa ndinathamangira kwa amalume, ndisanapite kwa mayi anu. Ndinkafuna aione ndi maso awo. Aiwerenga kawiri. Akuti ankhoswe anu abwere mawa, akaweruka ku tchalitchi. Auza kale abale a ku Sharpevale, ndipo azakhali akwera basi ya madzulo ano."

Cosmas anaimirira, envelopu inagwa pansi.

"Ndiye ankhoswewo ndiwauze abwere, kapena asabwere?"

Tisunge analiza njinga. Kwa kanthawi anamuyang'ana monga ankamuyang'anira kale, ndipo Cosmas anaona kuti chikondi chija sichinafe, changopwetekedwa, ndipo chikanakhala chakufa zikanamupepukira.

"Munasankha nokha za mbewa, munasankha nokha za bodza," anatero Tisunge. "Musayambe lero kundifunsa ine."

Njinga inakwera chitunda n'kubisika m'chimanga. Cosmas anatsala pansi pa mkuyu ndi masiku awiri m'manja: la mawa, limene amalume ake, amene ndiwo ankhoswe ake, adzafuna kudziwa ngati avale jekete, ndi Lolemba, limene galimoto ya boma idzaime pakhomo kufunsa dzina la amayi ake.